Phewa Lanu, Katundu ndi Liwiro

Mabanja ambiri olankhula Chichewa amene akukhala ku Gorbals ndi m'madera ena a Glasgow amadya thukuta la manja awo. Ena amasamalira okalamba ndi odwala, ena amakolopa m'maofesi, ena amapakira ndi kutsitsa katundu m'nyumba zosungiramo malonda, ndipo ena amagwira ntchito kukhitchini. Ntchito zonsezi zimadalira phewa. Phewa likayamba kupweteka, munthu amalephera tulo, amavutika kuvala malaya, ndipo nthawi zina amajomba kuntchito, malipiro n'kuchepa. Phunziro lino likufotokoza mmene minofu ya phewa imachitira mukanyamula katundu ndiponso mukayendetsa mkono mofulumira. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: phewa silimva kulemera kwa katundu kokha. Limamvanso kutalika kwa pamene katunduyo ali kuchokera pa thupi lanu, ndiponso liwiro limene mukumunyamulira. Zinthu ziwiri zomalizazi mukhoza kuzisintha lero lomwe popanda kulipira kanthu.

Mmene phewa linapangidwira

Pa phewa pamakumana mafupa atatu: fupa la mkono lochokera pa chigongono, fupa laphanthiphanthi la kumbuyo limene limatsetsereka pamwamba pa nthiti, ndi fupa lopingasa la kutsogolo lochokera m'munsi mwa khosi. Fupa la mkono lili ndi mutu wobulungira, ndipo mutuwo umakhala pa kambale kosazama ka fupa la kumbuyo lija. Sulowa mkati kwenikweni monga mmene fupa la ntchafu limalowera m'chiuno. Umangokhala pamenepo ngati mtsuko pa nkhata. N'chifukwa chake mkono umatha kuzungulira mbali zonse kuposa chiwalo china chilichonse, koma n'chifukwa chakenso phewa limaguluka msanga kusiyana ndi chiuno.

Mtsuko wokhala pa nkhata umafuna dzanja louchirikiza. Pa phewa ntchito imeneyi imagwiridwa ndi minofu inayi ya mkati imene madokotala amaitchula pamodzi kuti rotator cuff. Mayina ake ndi supraspinatus, infraspinatus, teres minor ndi subscapularis, ndipo mukhoza kuwaona m'kalata yochokera kuchipatala. Minofu imeneyi imamangirira ku fupa ndi zingwe zolimba zimene m'phunziro lino tizitcha minyewa. Pamwamba pake pali mnofu waukulu wotchedwa deltoid, umene umachititsa phewa kuoneka lobulungira ndipo ndiwo umakweza mkono. Deltoid ikamakoka m'mwamba, minofu inayi ija imakanikiza mutu wa fupa kuti usachoke pa kambale kake. Minofu ina ya kumsana ndi m'nthiti imatembenuza fupa la kumbuyo lija. Mu 1944 dokotala wa ku America, Verne Inman, ndi anzake anasonyeza kuti pa madigiri 3 alionse amene mkono wakwera, pafupifupi 2 amachokera pa mfundo ya phewa ndipo 1 amachokera pa kutembenuka kwa fupa la kumbuyo. Choncho kukweza mkono ndi ntchito ya gulu, ndipo mnofu umodzi ukatopa, anzake amasenza gawo lake.

Minofu imafunanso fupa lolimba loti ikokepo. Mu 1844, ku Mabotsa m'dziko limene lero ndi South Africa, mkango unaphwanya fupa la mkono wamanzere wa David Livingstone, amene anaphunzira zachipatala muno mu Glasgow. Fupalo silinalumikizane bwino, ndipo moyo wake wonse ankavutika kukweza mkonowo. Fupa la mkono lili ngati mpini wa khasu: minofu imagwira kumutu kwake, katundu ali kumapeto kwake.

Kulemera kwa pa sikelo ndi kulemera kwa pa phewa

Yesani kukankha chitseko pafupi ndi mahinjesi ake. Mudzaona kuti chikufuna mphamvu zambiri kusiyana ndi kuchikankha pa chogwirira. Minofu ya phewa imagwira ntchito pafupi ndi mahinjesi nthawi zonse. Mzere umene deltoid imakokera umadutsa masentimita 2 kapena 3 okha kuchokera pakati pa mfundo ya phewa, pamene dzanja la munthu wamkulu, mkono ukatambasulidwa, limakhala masentimita pafupifupi 60 kuchokera pamenepo.

Tiyeni tiwerengere. Jumbo ya zogula yolemera makilogalamu 5 ikamalendewera m'mbali mwa thupi, minofu yokweza mkono imagwira ntchito yochepa kwambiri. Koma mukatambasula mkono kuti muike jumboyo pa shelefu yofanana ndi phewa lanu, mtunda wa masentimita 60 umaposa wa masentimita 3 kuwirikiza ka 20. Minofu iyenera kukoka ndi mphamvu yofanana ndi yonyamulira makilogalamu pafupifupi 100. Apa sitinawerengere mkono weniweniwo, umene umalemera pafupifupi magawo 5 pa magawo 100 a thupi lonse, kutanthauza makilogalamu 3.5 kwa munthu wa makilogalamu 70. Mukapinda chigongono, jumboyo n'kuyandikira pachifuwa, mtunda umachepa ndi theka kapena kuposa, ndipo ntchito ya minofu imachepa chimodzimodzi. Jumbo ndi yomweyo, chasintha ndi mtunda.

Izi zikutithandiza kumvetsa chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Mayi amene kumudzi ankasenza ndowa ya malita 20 popanda vuto amayamba kumva phewa ku Glasgow chifukwa cha majumbo awiri ochokera kusitolo. Katundu wa pamutu amatsikira pa khosi ndi msana mpaka kumapazi, ndipo phewa limangothandiza potukula ndi potula. Katundu wa kuno amanyamulidwa m'manja, amakwezedwa pa masitepe, amaponyedwa m'buti ya galimoto kapena m'bini yaitali, ndipo zonsezi zimachitika mkono uli kutali ndi thupi.

Mmene minofu imaitanira antchito ake

Mnofu uliwonse uli ndi timitolo tambirimbiri ta ulusi wa nyama, ndipo kamtolo kalikonse kamalamulidwa ndi mtsempha wake wonyamula uthenga kuchokera ku ubongo kudzera mu msana. Ubongo sudzutsa timitolo tonse nthawi imodzi. Mu 1957 Elwood Henneman wa ku yunivesite ya Harvard anafotokoza dongosolo lake: timitolo tating'ono, tosachedwa kuyamba koma tochedwa kutopa, ndito timayamba, katundu akamalemera, kapena liwiro likamakwera, timitolo tikuluikulu tamphamvu timaitanidwa, koma timeneti timatopa msanga. Zili ngati ntchito ya pamudzi: kusesa pabwalo amatuma ana, koma kukweza denga amamema anyamata onse.

Timitolo tating'ono tija, popeza ndito toyamba kulowa ntchito ndi tomaliza kuweruka, sitipuma ngati mkono ukhala m'mwamba nthawi yaitali, ngakhale m'manja muli chipeso chokha. Kuwonjezera apo, mnofu wa supraspinatus ukakhala wokungika, magazi amayenda movutikira mkati mwake. N'chifukwa chake oluka tsitsi, opukuta mawindo, openta denga ndi osanja katundu pa mashelefu apamwamba amamva kutentha pa phewa ngakhale sananyamule cholemera. Minofu ya mkati ikatopa, imalephera kusunga mutu wa fupa pamalo pake bwinobwino, munthu amayamba kukweza phewa lonse chakukhutu, ndipo khosi nalo limayamba kuwawa. Mankhwala ake ndi kutsitsa ntchitoyo kapena kudzikweza inuyo: wolukidwa akhale pa mpando waufupi, wopukuta akwere pa makwerero olimba, ndipo mikono itsitsidwe kawirikawiri kuti magazi ayende.

Kodi liwiro limasintha chiyani?

Liwiro limasintha zinthu zitatu.

Choyamba, kudzutsa katundu mwadzidzidzi kumafuna mphamvu yoposa kulemera kwake. Chingwe chimene chimanyamula ndowa bwinobwino pachitsime chikhoza kuduka mukachitsomphola. Minyewa ya phewa nayo imalandira kutsomphola kumeneko.

Chachiwiri, mnofu ukamafupika mofulumira, mphamvu imene ungatulutse imachepa. Zimenezi anazisonyeza mu 1938 A. V. Hill wa ku University College London poyesa minofu ya achule, ndipo zimagwiranso ntchito pa anthu. Choncho pamene mukufulumira, thupi limakakamizika kuitana timitolo tambiri kuti tigwire ntchito imene timitolo tochepa tikanaigwira modekha, ndipo kutopa kumabwera msanga.

Chachitatu, chimene chayamba kuthamanga chiyenera kuimitsidwa. Mkono ukamayenda mofulumira, minofu imagwira ntchito motsatizana: ya kutsogolo imaukankha, kenako ya kumbuyo imaugwira mabuleki, ndipo pomaliza ya kutsogolo imaukhazika pamalo. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuimitsidwa imawirikiza kanayi. Amene anadulapo nkhuni amadziwa kuti nkhwangwa ikamenya mtengo phewa silidandaula, pakuti mtengowo ndiwo waimitsa nkhwangwa. Koma ikaphonya, ululu umamveka kumbuyo kwa phewa, pakuti minofu ndiyo yaimitsa zonse. Kuponya thumba la zinyalala m'bini, kukutumula nsalu ya pabedi yonyowa, kapena kukoka katundu pa lamba woyenda, ndi ntchito zimene zimatha ngati nkhwangwa yophonya.

Pogwira mabuleki, ndiponso potsitsa katundu, mnofu umakhala ukutalika uku ukukoka. Pamenepo umatha kupirira mphamvu yaikulu kuposa pokweza, koma ndi pamenenso ulusi wake umang'ambika pang'onopang'ono. Ndiko kumene kumachokera kuphwanya kwa thupi kumene kumafika pachimake pakapita tsiku limodzi mpaka atatu munthu atagwira ntchito yachilendo. Kuphwanya kotereku kumatha kokha ndipo si matenda. Chofunika kukumbukira n'chakuti kutula katundu kumafuna kudekha kofanana ndi kumutukula. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Katundu wodzidzimutsa

Ubongo umakonzekera musanayambe kunyamula. Mkono usanakwere, minofu ya m'mimba, kumsana ndi m'miyendo imakhala itayamba kale kukungika kuti thupi lisagwe. Ubongo umayerekezanso kulemera kwa chinthu pochiona. N'chifukwa chake katoni imene mumaiyesa yodzaza, koma ili yopanda kanthu, imaulukira m'mwamba, ndipo imene mumaiyesa yopepuka imakutsomphola. Yambani mwagwedeza katundu pang'ono kapena kuwerenga chizindikiro cha kulemera kwake.

Choopsa kwambiri ndi katundu amene amabwera minofu isanakonzeke. Munthu amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi kuti achitepo kanthu pa chimene waona, ndipo pofika nthawi imeneyo minyewa imakhala italandira kale katunduyo. Zitsanzo zake ndi wokalamba amene mawondo ake afooka muli chimugwirire, basi yoima mwadzidzidzi mutagwira chitsulo cha m'mwamba, ndi kuterereka pa madzi oundana m'nyengo yozizira n'kugwera pa dzanja lotambasula. Osamalira odwala musakoke munthu pomugwira m'khwapa, pakuti zimavulaza phewa lake ndi lanu lomwe, ndipo musayese kuwakha munthu wamkulu amene akugwa. Tsatirani zimene munaphunzitsidwa kuntchito, gwiritsani ntchito hoist ndi nsalu zotsetserekera, ndipo ngati ndondomeko ya wodwalayo ikunena anthu awiri, dikirani mnzanu. Mutu umodzi susenza denga.

Zimene malamulo a ntchito amanena

Lamulo la Manual Handling Operations Regulations la 1992 limagwira ntchito ku Scotland, ndipo limateteza wantchito aliyense, kaya anabadwira kuti. Limalamula olemba ntchito kupewa kunyamulitsa anthu katundu woopsa ngati n'kotheka, kuunika chiopsezo pamene sizingapeweke, ndi kuchichepetsa. Bungwe la Health and Safety Executive linapereka ziwerengero zothandiza pa kuunikako. Nambala yoyamba ndi ya katundu woyandikira thupi, yachiwiri ndi ya mikono yotambasula:

Pakati pa ntchafu ndi chigongono: amuna makilogalamu 25 ndi 15, akazi 16 ndi 10.

Pakati pa chigongono ndi phewa: amuna 20 ndi 10, akazi 13 ndi 7.

Pamwamba pa phewa: amuna 10 ndi 5, akazi 7 ndi 3.

Taonani mmene 25 watsikira kufika pa 5 chifukwa cha malo okha. M'malangizo akale a bungweli, ziwerengerozi zinkachepetsedwanso ntchito ikamabwerezedwa mofulumira: ndi magawo 30 pa 100 ngati mukunyamula kamodzi kapena kawiri pa mphindi, ndi theka ngati ndi ka 5 mpaka ka 8, ndi magawo 80 pa 100 ngati ndi koposa ka 12. Ziwerengerozi si malire a lamulo, ndiponso si lonjezo lakuti simungavulale. Ndi chizindikiro chakuti zikapitirira, ntchitoyo iyenera kuunikidwa mozama. Mukavulala kuntchito, uzani woyang'anira tsiku lomwelo ndipo onetsetsani kuti zalembedwa m'buku la ngozi. Kunena kuti chinthu chalemera si ulesi kapena mwano.

Zoyenera kuchita kunyumba

Miphika yolemera, thumba la ufa ndi botolo lalikulu la mafuta zizikhala pa shelefu ya pakati pa chiuno ndi chifuwa. M'mwamba muziika zopepuka. Gawani zogula m'majumbo awiri ofanana, kapena gwiritsani ntchito chikwama cha kumsana kapena cha mateyala. Ponyamula mwana, gwadani, mumukumbatire pachifuwa, kenako imirirani ndi mphamvu ya miyendo. Musamukoke ndi dzanja limodzi, pakuti chigongono cha mwana wamng'ono chimaguluka msanga. Muli pa mpando wakutsogolo m'galimoto, musapotoloze mkono kukatenga chikwama cholemera kumbuyo. Ana asukulu azivala malamba onse awiri a chikwama chawo.

Kulimbitsa phewa

Katundu si mdani wa phewa. Minofu ndi minyewa zimalimba zikamapatsidwa ntchito yokwera pang'onopang'ono, ndipo zimafooka zikangokhala. Kusiyana kwake n'kwakuti minofu imasintha m'masabata ochepa, pamene minyewa imafuna miyezi. Ambiri amavulala m'masabata oyamba a ntchito yatsopano, kapena pobwerera kuntchito atapuma nthawi yaitali. Akuluakulu a zaumoyo a United Kingdom amalangiza munthu wamkulu aliyense kuchita zolimbitsa minofu masiku osachepera 2 pa sabata.

Ngati phewa lanu silinavulale posachedwa, yambani motere. Weramani, dzanja limodzi litatsamira pa tebulo, mkono winawo ulendewere ndi kuzungulira pang'onopang'ono. Njira imeneyi inafotokozedwa ndi dokotala Ernest Codman wa ku Boston mu 1934. Kenako imirirani moyang'ana khoma ndi kutsetsereza manja m'mwamba mpaka pamene mungathe. Chachitatu, chigongono chili m'nthiti ndiponso chopindika, kanikizani kumbuyo kwa dzanja pa mphuthu ya chitseko kwa masekondi 10. Chachinayi, tengani chitini cha nyemba cha magalamu 400, kwezani mkono mukuwerenga mpaka 3, n'kuutsitsa mukuwerenganso mpaka 3. Wonjezerani chinthu chimodzi pa nthawi: poyamba pofika mkono, kenako maulendo obwereza, kenako kulemera, ndipo liwiro likhale lomaliza. Ululu wochepa umene umatha pofika m'mawa si woopsa; ukakula kapena kukhalitsa, bwererani pa sitepe yam'mbuyo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ku Glasgow Club Gorbals pa Ballater Street kuli dziwe losambiramo, ndipo kuyendetsa mikono m'madzi n'kothandiza, pakuti madzi amakana kwambiri mukafulumira ndipo amakana pang'ono mukadekha.

Phewa likayamba kupweteka

Musaleke kuliyendetsa. Chepetsani ntchito za pamwamba pa phewa ndi zotsomphola kwa masiku angapo, koma pitirizani zopepuka. Ikani paphewa madzi oundana okulunga m'thaulo, kapena botolo la madzi ofunda, kwa mphindi zosapitirira 20. Wazamankhwala ku famase akhoza kukulangizani kwaulere. Muuzeni ngati muli ndi pakati, zilonda za m'mimba, mphumu, kapena vuto la impso musanamwe ibuprofen.

Ngati pakapita masabata 2 palibe kusintha, onanani ndi GP wanu kapena a physiotherapy. M'dera la NHS Greater Glasgow and Clyde munthu wamkulu akhoza kudzilembetsa yekha kwa a physiotherapy oona za mafupa ndi minofu. Chipatala cha New Gorbals Health and Care Centre pa Sandiefield Road, chimene chinatsegulidwa mu 2019, ndicho chili pafupi kwa okhala ku Gorbals. Musadabwe akapanda kukujambulani: nthawi zambiri kufunsa ndi kuyeza kumakwanira, ndipo anthu ambiri achikulire amapezeka ndi minyewa yong'ambika pa chithunzi koma samva ululu uliwonse. Odwala shuga, makamaka a zaka 40 mpaka 60, adziwe kuti phewa louma, limene limakana kuyenda ngakhale wina akukuthandizani, limawagwira kawirikawiri, ndipo limatenga miyezi yambiri kuti limasuke.

Imbani 111 kwa NHS 24, usana kapena usiku, ngati mwagwa ndipo mkono sukukwera, phewa lasintha maonekedwe, latupa ndi kutentha uku mukumva malungo, kapena dzanja lachita dzanzi losatha. Akhoza kukutumizani ku gawo la zovulala zazing'ono ku New Victoria Hospital kapena kwina koyenera. Imbani 999 nthawi yomweyo ngati ululu wa phewa kapena mkono ukubwera pamodzi ndi kuthina pachifuwa, kubanika, thukuta kapena nseru, pakuti likhoza kukhala vuto la mtima. Chimodzimodzinso ngati mkono wafooka mwadzidzidzi, nkhope yapotoka kapena mawu sakumveka.

Kuonana ndi GP n'kwaulere, ndipo mankhwala olembedwa ndi dokotala ku Scotland ndi aulere kuyambira mu 2011. Muli ndi ufulu wopempha womasulira wa Chichewa popanda kulipira. Nenani zimenezi pamene mukupangana tsiku, ndipo musasenzetse ana ntchito yomasulira. Mukadwala masiku oposa 7, olemba ntchito akhoza kufuna kalata yotchedwa fit note, imene kuyambira mu 2022 a physiotherapy nawonso amatha kulemba, ndipo ikhoza kupempha kuti mupatsidwe ntchito yopepukirapo m'malo mongokhala kunyumba.

Pofotokozera dokotala, tchulani zinthu zitatu zimene taphunzira: chimene mumanyamula ndi kulemera kwake, pamene mkono umakhala pochinyamula, ndiponso liwiro ndi maulendo amene mumabwereza pa ola. Mayankho amenewa adzamuthandiza kupeza gwero la vuto ndi kukulangizani zoyenera kusintha kuntchito ndi kunyumba.